Chofunda cha Akamwini

Lolemba

Akubwera! Felesiya wanga akubwera Loweruka, iye, mwamuna wake ndi kamwana! Uthenga wadza ndi mayi wa geni uja amapita ku Limbe kawirikawiri. Wandipeza pamjigo, ine ndowa ndangoisiya ikusefukira. Kamwanako n'kakakazi, dzina lake Tadala, kayamba kale kukwawa ine ndisanakaoneko. Akuti akamwini apatsidwa tchuthi kuntchito, ndipo akhala kuno sabata yathunthu "kukakhala bwino".

Kukakhala bwino. Mawu amenewo ndikudziwa kumene achokera. Ulendo watha uja anabweranso nyengo ngati ino, chiperoni chikutsika m'phiri, ife n'kuwapatsa bulangete lakale lija lili ndi bowo la moto pakati, bowo loti mwana n'kutulukirapo. Kutacha, munthu milomo ili mbuu, akuti kuntchito andiitana. Anawaitana ndani, kuno kulibe lamya? Chichokereni sanapondenso pakhomo pano, ndipo Felesiya sayenda yekha.

Ulendo uno ayi. Ulendo uno agona mpaka atuluke thukuta, akhale sabata yonse, ine ndibereke mdzukulu wanga mpaka msana uwawe.

Ndisoka chofunda cha zigamba!

Ndinachiona pakaunjika ku Chiringa mwezi watha. Chinsalu chachikulu cha tizidutswa tokhatokha, tofiira, tobiriwira, tamaluwa, m'kati mofufuma ngati mkate. Wogulitsayo ankati kunja azimayi amasoka zimenezi pongocheza ntchito zikatha. Ntchito zimatha kumeneko! Ndinachitembenuza, ndinachinunkhiza, ndinatsata msoko wake ndi chala. Palibe chachilendo: pansi nsalu, pakati bulangete, pamwamba zigamba. Chingandikanike ine, amene ndakhala ndikuphatika zigamba pabuluku la amuna anga, abambo a Rozina, mpaka buluku lenilenilo silikuonekanso?

Zofunika:
zidutswa za kwa telala wa pamsika, walonjeza thumba lonse ndi nsalu ina yaikulu ya pansi
madiresi amene Rozina anasiya kuvala
zitenje zakale za m'dengu la pakona
nsalu za zipani zija ankaponya pamisonkhano, m'nyumba muno zachuluka kuposa mbale
bulangete la bowo lija, lilowe pakati likabisale
singano, ulusi, lezala

Pakati ndiikapo phiri lathuli lonse, kumbuyo kwake dzuwa likutuluka, m'munsi minda. M'mbali mbalame.

Muyeso wavuta pang'ono. Akamwini ndi munthu wamtali, koma mkamwini sayesedwa ndi mpongozi wake, ine ndi iwo tikakumana panjira wina amayenera kulowa m'chinangwa. Ndiye ndagoneka abambo a Rozina pamphasa n'kuwonjezera mpini wa khasu kumapazi. Akuti, "Mukundiyesa bokosi ndikadali moyo?"

Dzanja langa la sukulu ya kwachali likutsalira m'mbuyo, pakamwa pafika kale Loweruka.

Lachiwiri

Telala wandigwiritsa mwala. Thumba lija n'kathumba ka shuga, ndipo tizidutswa take n'tating'ono ngati masamba a nandolo. Nsalu yaikulu ija akuti mwini wake wabwera, wasokeretsa siketi. Chabwino. Tizidutswato tikhala mbalame.

Ulusi sukulowa pasingano. Ndikunyowetsa, ndikupotokola, ndikuyang'anitsa kudzuwa, kabowoko kakuthawa. Ndiyenera kudikira Rozina, mwana wanga wamkulu wa nyumba ya kuseriyi, adutse. Iye akadutsa, kumsana mwana, m'manja mwana, pamutu ndowa. Mapasa! Mwamuna wake ali kunyanja ya Chilwa ndi njinga kukagula matemba, ndiye zonse zili pa iye ndi ine. Akulowetsa ulusi ndi mano, n'kumapita. Ulusi ukatha, ndidikirenso.

Chimanga chili mulu pakhonde, chofunika kutonola anthu asanafike, apo ayi alendo adzakhala pati? Masana kwabwera Edina mng'ono wanga ndi anzake kudzathandiza. Iwo akutonola, ine ndikusoka. Zikuyenda bwino kwambiri! Mbali ya kumanzere ya phiri yaima, ya nsalu yakuda yamadontho oyera, ikuoneka ngati miyala ya kumtunda mvula ikagwa.

Tsono ine nsalu sinditha kuigwira osanena kumene inachokera. Nsalu iliyonse ili ndi ulendo wake. Ndayamba kuwafotokozera kuti yakudayi ndinavala pamaliro a atsibweni ku Jenala, tsiku lija mtsinje unadzaza tikubwerera, ine n'kuwoloka nditaikweza mpaka m'khosi, abusa ali kumbuyo kwanga akupemphera maso ali otsinzina mwadala. Anthu akugubuduka n'kuseka, zitsononkho zili mbwee. Edina yekha sakuseka.

"Achemwali, nsalu imeneyo munabwereka kwa ine."

Ndati inali yanga. Wati pakona pali pamene anapserezera ndi nyale. Tayang'ana pakona. Palidi.

Wasomola yekha ndi lezala langa lomwe, n'kunyamula zidutswa zake ulusi uli lendelende. Akazitani zodulidwa kale? Akuti nkhata. Phiri langa lonse likasenzere madzi!

Palibe kanthu. Ndatsegula sutikesi, ndatulutsa chitenje changa chobiriwira chakale chija. Phiri lobiriwira ndiye labwino, ndi mmene limaonekera dzinja.

Chimanga chatonoledwa pang'ono, mulu sukusintha.

Lachitatu

Kalongonda. Ndani anandituma kulonjeza kalongonda, nyemba zovuta kuphika zija? Felesiya amamukonda kuyambira ali kamwana, ndipo ku Limbe sangamuphike, makala angathe thumba lonse. Ndiye ndikuyeserera lero kuti ndione ngati wa chaka chino ali bwino. Kuwiritsa, kutaya madzi, kusenda, kuwiritsanso, kutayanso, tsiku lonse, ukachita ulesi banja lonse liledzera osamwa kanthu. Ndikusoka misoko iwiri, ndikuthamangira kumoto. Ndikabwerako zala zakuda bii, ndisambe kaye. Ndikasamba, ulusi watuluka pasingano. Rozinaaa!

Nkhuni zatha. Wopita kuphiri palibe. Abambo a Rozina akuti bondo. Bondo limeneli limadziwa masiku, Loweruka kubawo siliwawa.

Mapasa atsegula m'mimba onse awiri, mano akumera. Matewera onse ali pachingwe ndipo dzuwa kulibe. Rozina wafika pamphasa yanga, sanapereke ndi moni yemwe, wangotola madiresi ake aja ndinadula kale bwinobwino m'makona anayi.

"Amayi, mwandidulira kale? Ambuye akudalitseni."

Amenewo ndiwo anali minda. Minda yonse ya m'munsi mwa phiri yapita kumatako a ana.

Ndayang'ana pamphasa popanda kanthu. Kenaka ndaseka, chifukwa m'sutikesi mukadali zinthu. Muli mbereko ija yamaluwa ofiira, yofewa ngati khutu la mbuzi. Muli chitenje cha nsomba chija abambo a Rozina anandigulira akugwira ntchito kumunda wa tiyi, nthawi imene ankayenda wapansi kudutsa pakati pa mapiri kudzangondiona ndikusinja. Ndadula zonse. Pansomba ndaima kaye, koma nsalu yokhala m'sutikesi imafunditsa ndani?

Phiri lachepa. Tinene kuti ndi chulu. Koma chulu chokongola, ndipo nsomba zikusambira m'munsi mwake. Dzuwa ndiliika mawa.

Kalongonda wapsa bwino. Watha lero lomwe. Loweruka ndiyambirenso.

Lachinayi

Kuchigayo m'mamawa, mzere mpaka kumsewu, dizilo akuti ali m'njira. Ndinatenga zosoka zanga m'lichero, ndasoka nditakhala pathumba. Amayi onse aunjikana. Wina akuti, "Anganga, n'chiyani chimenechi, mbendera?" Ndawafotokozera za kunja, za azimayi amene ntchito zawo zimatha. Sanakhulupirire. Ndafotokoza mpaka malo anga pamzere adutsa, ndagayitsa womaliza.

Masana ndalowa m'nsalu za zipani. Nsalu zabwino, zolimba, utoto wake wosasuluka, ndipo n'zaulere. Ya chipani cha abambo a Rozina ili ndi nkhope ya mtsogoleri wawo m'kati mwa chozungulira chachikulu. Ndaona kuti chozunguliracho ndi dzuwa lenileni! Ndadula theka, ndaliika kuseri kwa chulu. Dzuwa likutuluka lili ndi chipumi ndi maso awiri. Pambali pake ndalumikiza ya chipani cha Rozina, poti mitundu yake ikugwirizana. Kwatsala khutu ndi tsaya la mtsogoleri winayo, zagundana ndi chipumi cha woyamba uja. Kukongola kwake!

Abambo a Rozina atulukira, bondo lapola mwadzidzidzi.

"Mwadula bwana pakamwa? Mwawasoka pamodzi ndi munthu amene amawatukwana pawailesi?"

Ndati pansalu pano sakutukwanana, pakamwa ndachotsa onse. Rozina wamva ali kwake, wabwera ndi mwana kubere. Akuti mtsogoleri wake sangakhale khutu lokha pamene wa abambo ali ndi maso onse awiri. Bambo ndi mwana wake ayambana pamutu panga. Uyu akuti inu munatipatsa chiyani, uyo akuti nanga inu msewu uja uli kuti. Mavoti anatha kalekale, koma pakhonde panga ayambiranso. Nkhuku zalowa m'chimanga, palibe woingitsa.

Chimene chandigonjetsa ndi mawu amodzi a abambo a Rozina: "Nanga akamwiniwo mukudziwa chipani chawo? Adzuke usiku apeze maso a mdani wawo ali pachifuwa, Lamulungu adzakhala ali pano?"

Apo ndiye ndasomola ndekha. Aliyense watenga mtsogoleri wake, wina chipumi, wina khutu.

Pakati patsala chibowo, ndipo pansi pake bowo la bulangete likusuzumira. Mabowo awiri kupatsana moni.

Chitenje cha kutchalitchi. Chabuluu chija, chatsopano. Ndachiyang'ana, chandiyang'ana. Mulungu amaona mumtima, sayang'ana chitenje. Ndadula. Dzuwa labuluu! Ndani anaonapo? Akamwini adzakhala oyamba.

Lachisanu

Chiperoni chafika! Phiri silikuoneka, nkhungu yatsika mpaka pamigwalangwa ya kudambo, kamvula kakuwaza kopanda phokoso, mphepo ikulowa m'mafupa. Anthu onse akudandaula, ine ndekha ndikuvina. Zizira, zizira ndithu, chofunda changa chionekere ntchito!

Za lero:
kuzira nyumba ya alendo, dothi silikuuma
kutsuka mtsuko
thobwa
kugwira tambala wa mawa, wathawira kwa Edina ndipo Edina akuti ndi wake
kunyika kalongonda wina
chimanga chija
kumaliza chofunda

Mbalame zalephereka, tizidutswa ta telala mapasa amwaza pabwalo ponse, tina tili m'matope. Chulu nachonso sichikuoneka bwino, Edina akuti chikufanana ndi chitumbuwa choluma mwana. Nsanje. Iye nkhata yake ikumukwana?

Kuphatikiza zitatu pamodzi ndiye nkhondo. Singano yathyoka pabulangete. Yachiwiri yapindika. Ndatenga chisingano chosokera matumba, ulusi ndasomola kuthumba la feteleza. Uwu sufuna Rozina, bowo lake ndikuliona ndekha! Misoko yake ndi yaikulu ngati mapazi a khwangwala, koma ikagwira yagwira.

Nsalu ya pansi palibe, telala uja anadya mawu ake. M'sutikesi mwatsala fungo lokha. Ndazungulira nyumba yonse, ndapeza pachingwe chitenje changa chimene ndimamanga popita kubafa. Chachapidwachapidwa mpaka chafewa ngati thonje, ndiye choyenera kukhudza thupi la mlendo. Mwayi wake!

Ndagonekanso abambo a Rozina. Chawakwana iwo, koma mpini wa khasu watsala panja. Mapazi a akamwini! Munthu amazizidwa kuyambira kumapazi. Ndayang'ana uku ndi uku, ndadziyang'ana ndekha. Chitenje ndavalachi n'chachitali mopitirira. Ndadulako chakumunsi ndili chiimire, ndalumikiza.

Chatha! Chatha, anthuni! Kulemera kwake ngati mwana wa ng'ombe, pochinyamula tagwirizana awiri ndi Rozina. Zala zanga zili ndi timabowo ngati sefa. Rozina wachiyang'ana nthawi yaitali, watsegula pakamwa, mwana walira, wathamanga. Ndikudziwa amafuna kuyamikira.

Loweruka

Afika! Atsika matola pamsewu dzuwa lili pamutu, ngakhale dzuwalo silikuoneka. Felesiya wanenepa, wavala nsapato zazitali m'matope athu ano. Ndipo Tadala! Mayo ine, Tadala! Masaya ngati mandasi, timano tiwiri, mphuno ya amayi anga malemu yeniyeni. Sanalire n'komwe. Wandigwira mlomo wam'munsi n'kukoka, Edina akuti mwanayu wadziwa kale pamene pali vuto. Ndamuvinira, ndamuimbira ya Chilomwe ija amayi ankatiimbira, ndamubereka pa chitenje changa chachifupichi mawondo anga ali panja.

Akamwini ndi aulemu monga kale. Tayi, jekete, nsapato zonyezimira. Anjuta patali pafupi ndi nkhokwe, chipewa m'manja, maso pansi. Ine ndili pakhonde chammbali, ndikuyang'ana khoma.

"Felesiya, uwafunse ayenda bwanji."

"Auzeni amayi kuti tayenda bwino, koma kukuzizira."

Kukuzizira! Mtima wanga wadumpha. Sindinathe kudikira madzulo. Tangotha kudya tambala uja, amene tagawana ndi Edina, ndatulutsa chofunda ndi Rozina, tachiyala pamphasa pabwalo. Akamwini awaikira mpando kuseri kwa nkhokwe. Kulankhula nawo sindingathe, koma makutu ali nawo, ndiye ndikuuza Felesiya mokweza kuti mawu akwere nkhokwe akatsikire uko.

Ndayamba ndi chobiriwira. Ichi ndinavala tsiku lobadwa iwe, matenda anandiyamba ndili kumunda, pofika pamtsinje ndinalephera kuyenda, unabadwira pansi pa mkuyu ndipo nsalu yoyamba kukukulunga ndi imeneyi. Chamaluwa ofiirachi ndi mbereko yako, unakodzerapo mpaka maluwa anafwifwa. Cha nsombachi anandigulira abambo ako tisanakwatirane, ndipo chaka choyamba cha ukwati tinalibe bulangete, tinkafunda chomwechi awiri.

"Amayi, tsitsani mawu."

Nditsitse bwanji, munthu ali kuseri kwa nkhokwe? Ndakweza. Dzuwali ndi la kutchalitchi, ndavala Lamulungu lapitali. Chakumapazichi ndadula dzulo, taona, chotsala chake ndi ichi chili m'chiunomu. Tsono tembenuza, ugwire pansipa. Wamva kufewa? Ndi chija ndimapita nacho kubafa.

Kuseri kwa nkhokwe kwamveka kutsokomola, kenaka mpando kugwa. Rozina walowa m'nyumba atagwira pakamwa. Abambo a Rozina anyamuka, akuti akaone mbuzi. Tilibe mbuzi.

"Auzeni amayi kuti zikomo kwambiri, ntchito yaikulu."

Mawu a akamwini akunjenjemera. Munthu wakhudzidwa! Ndanyamula ndekha mpaka pakhomo la nyumba ya alendo, mphamvu sindikudziwa zachokera kuti. Mphepo ikuwomba bwino kwambiri. Mawa ndimuphunzitsa Tadala kudya kalongonda, mkuja ndipita naye kwa Edina, Lachitatu kumsika anthu akamuone.

Lamulungu

Ndadzuka m'mawa kukasonkha moto. M'khitchini muli munthu. Wakhala pamtondo wogwetsa, tayi ili pakhosi, jekete, pamapewa thumba la chimanga lopanda kanthu, manja ali paphulusa lozizira. Akamwini! Ndabwerera chambuyo, iwo atulukira pazenera. Zenera lathu la khitchini ndi laling'ono, sindikudziwa adutsa bwanji. Kuseri ndikungomva kuyetsemula.

Felesiya wandikokera kubafa.

"Amayi, inu nomwe amene mumalangiza atsikana m'mudzi muno. Mkamwini afunde chitenje cha apongozi ake? Chosambira? Sanachikhudze ndi chala chomwe. Achezera kukhala."

Ndati chimenechi si chitenje, ndi chofunda. Wati mukanakhala chete chikanakhala chofunda.

Ndakhala pansi pamwala wosambira. Sabata yonse ndakhala ndikudula nsalu zanga imodziimodzi, ndikuganiza za mapazi awo, za msana wawo, osaganizako kuti nsaluzo zachoka pathupi la yani. Munthu amene sindinamuyang'anepo m'maso, ndimafuna ndimukulunge m'chiuno mwanga monse!

Abambo a Rozina akuti iwo anaona kuyambira Lachinayi. Nanga osanena? "Ndikanalowera pati? Inu mumapumira pakati pa mawu?"

Tayesa kukonza. Apatsidwe bulangete lina. Liti? La alendo ndalisokera m'kati ndi ulusi wa feteleza, kulitulutsa n'kuphwasula zonse. Lotsala ndi limene timafunda ine ndi abambo a Rozina. Felesiya wangotseka maso. La Rozina mapasa analinyowetsa usiku. Edina akuti lake angatibwereke, koma iyenso ndi mpongozi, ndipo wanena akuseka mpaka wagwira mtengo.

"Auzeni amayi kuti kuntchito..." Sanamalize, chimfine chawatsekereza. Ndati uwauze ndamva.

Tawaperekeza kumsewu, ine kumbuyo patali, Tadala ali kumsana kwanga. Njira yonse wandigwira khutu. Matola yafika yopanda denga, yodzaza matumba a makaka a chinangwa, mphepo ili huu. Felesiya wayang'ana kumwamba, wayang'ana mwana, watuma Rozina kuti athamangire chofunda chija. Mwana alibe mpongozi. Tamukulunga mpaka kwatsala timaso tokha.

Tsono Felesiya akwere bwanji ndi nsapato zake zija, mwana ali m'manja? Akamwini akwera kale. Wawapatsira mtolo wonse. Munthu watambasula manja, wawabweza. Watambasulanso. Dalaivala akuliza hutala. Avula jekete m'mphepo yonse ija, akuta nalo manja, alandira mwana wawo ngati akuphula mphika pamoto, nkhope atatembenuzira kuphiri. Galimoto yanyamuka ali chomwecho, malaya okha, mikono ili njoo kutsogolo. Mpaka ku Limbe n'kutali.

Kutchalitchi sindinapite, ndivala chiyani? Chimanga chikadali pakhonde. Kalongonda wa Felesiya akudya abambo a Rozina. Mdzukulu wa sabata yathunthu ndamubereka tsiku limodzi, ndipo paphewa panga pakununkhabe mkaka umene anabwezera.

Lero sindisamba. Ndi chosambira chomwe chapita ku Limbe.